Supuni ya Mitu Iwiri

Kumpoto chakuvuma kwa dziko la Brazil, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, mwana wakhanda akamwalira anthu sankanena kuti wafa. Ankati wasanduka kamngelo. Ankamugoneka m'kabokosi kakang'ono, ndipo kawirikawiri operekeza kabokosiko kumanda ankakhala ana anzake. Mayi wake ankalangizidwa kuti asalire kwambiri, poti misozi ikadanyowetsa mapiko a kamngeloko n'kukalepheretsa kuuluka. Ife amene tidakulira m'midzi ya kuno sitingaseke mwambo umenewu, pakuti nafenso tidamva agogo athu akuwerenga ana awo pa zala, namatchula poyamba obadwa onse, kenaka otsala, ndipo mawerengero awiriwo sankayandikana konse. Tidaonanso amayi okhaokha akutuluka m'mudzi mwakachetechete kukaika khanda limene silidatuluke m'chikuta. Imfa ikachuluka pamalo, anthu amaipezera mawu ofewa kuti athe kupirira, ndipo pakapita nthawi mawu ofewawo amasanduka chizolowezi, mwakuti palibe amene amafunsanso ngati mwanayo adayeneradi kufa.

Mbiri imene tikufuna kukumbutsana mwezi uno ndi ya anthu amene adafunsa funso limenelo, makamaka amayi osauka a ku Brazil amene adagwira ntchito mu Eklezia pansi pa dzina lakuti Pastoral da Criança, ndiye kuti ubusa wa ana. Koma kuti timvetse bwino chimene iwo adachita, tiyenera kuyamba tabwerera m'mbuyo pang'ono ndi kuona chimene chinkapha ana masiku amenewo.

Mankhwala adalipo, koma adali kutali

Cha m'ma 1980 ana osakwana zaka zisanu pafupifupi 40,000 ankamwalira tsiku lililonse pa dziko lapansi. Ambiri mwa iwo sankafa ndi matenda achilendo ozunguza madotolo. Ankafa ndi chikuku, kafumbata, chifuwa chokoka mtima, chibayo, malungo ndi kunyentchera. Ndipo kutsegula m'mimba kokha kunkatenga ana oyandikira 5 miliyoni pa chaka. Mwana wotsegula m'mimba chimene chimamupha msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi: maso amalowa, liwombo limatsika, khungu ukalitsina silibwerera, ndipo pa tsiku limodzi kapena awiri moyo umachoka. Madotolo ankadziwa kubwezera madziwo ndi diripi, koma diripi imafuna chipatala, singano yoyera ndi namwino wodziwa kupeza mtsempha wa khanda. Mayi wa kumudzi amene chipatala chili mtunda wa tsiku lathunthu ankafika mwana atazizira kale kumsana.

M'zaka za m'ma 1960 akatswiri ofufuza za kolera ku Dhaka ndi ku Calcutta adatsimikiza chinthu chooneka chaching'ono. Matumbo a wodwala, ngakhale atalephera kuyamwa madzi okha, amathabe kulandira mchere ngati mcherewo wabwera pamodzi ndi shuga, ndipo kumene mchere walowa madzi amatsatira. Motero madzi, mchere ndi shuga, zikasakanizidwa pa muyeso woyenera, zingathe kugwira kudzera m'kamwa ntchito imene diripi imagwira kudzera m'mtsempha. Chiyeso chachikulu cha nzeru imeneyi chidafika m'chaka cha 1971, pa nthawi ya nkhondo imene idabala dziko la Bangladesh. Kolera itabuka pakati pa othawa nkhondo ku Bangaon, m'malire a India, dotolo wina dzina lake Dilip Mahalanabis adaona kuti madiripi atha. Adasungunula mchere ndi shuga m'migolo, nauza achibale a odwala kuti azimwetsa okha abale awo ndi makapu. Pa odwala oposa 3,000 amene adathandizidwa motero, omwalira sadakwane 4 mwa 100 alionse, pamene kale ankafika 30 mwa 100.

Tiyeni tione bwino chimene chidachitika pamenepa. Mankhwala adatuluka m'manja mwa dotolo n'kulowa m'manja mwa mbale wa wodwala, ndipo dotoloyo adalola zimenezi chifukwa adalibe njira ina. Madotolo ambiri adatenga zaka kuti avomere kuti mayi wosadziwa kulemba angathe kupatsidwa udindo wotere. Ku Bangladesh komweko bungwe la BRAC lidayankha kukayika kumeneku ndi ntchito: kuyambira 1980 mpaka 1990 lidatuma atsikana ndi amayi kuyenda khomo ndi khomo, ndipo adaphunzitsa mabanja pafupifupi 12 miliyoni kusakaniza mchere wotsinidwa ndi zala zitatu, shuga wa nzimbe wodzaza dzanja ndi theka la lita ya madzi.

Msonkhano wa ku Alma-Ata ndi munthu wa kapaketi m'thumba

M'mwezi wa September 1978 nthumwi za mayiko 134 zidakumana ku Alma-Ata, mzinda umene tsopano umatchedwa Almaty m'dziko la Kazakhstan. Msonkhanowo adaitanitsa ndi mabungwe a WHO ndi UNICEF, ndipo mkulu wa WHO panthawiyo adali Halfdan Mahler wa ku Denmark. Nthumwizo zidagwirizana kuti thanzi ndi ufulu wa munthu aliyense, kuti chithandizo choyamba chiyenera kufika kumene anthu amakhala ndi kugwira ntchito, ndiponso kuti anthu eni ake ayenera kutenga mbali pokonza ndi poyendetsa chithandizocho. Adalonjezana kuti pofika chaka cha 2000 anthu onse adzakhala atafikiridwa. Lonjezolo silidakwaniritsidwe, pakuti zaka zotsatira zidali za ngongole ndi za kuchepa kwa ndalama m'maboma a mayiko osauka. Komabe mfundo yake idatsala, yakuti chipatala chachikulu cha mumzinda sichingapulumutse chokha mwana wa kumudzi.

M'chaka cha 1980 James Grant wa ku America adakhala mkulu wa UNICEF. Munthu ameneyu ankayenda ndi kapaketi ka mchere ndi shuga m'thumba la malaya, ndipo akakhala pa chakudya ndi atsogoleri a mayiko ankakatulutsa ndi kuwauza kuchepa kwa mtengo wake ndi kuchuluka kwa ana amene akufa chifukwa chokasowa. Kumapeto kwa 1982 adalengeza kuti ntchito iyambire pa zinthu zinayi zotsika mtengo: kuyeza ana pa sikelo, madzi a mchere ndi shuga, kuyamwitsa, ndi katemera. Ena adamudzudzula kuti akuchepetsa masomphenya a ku Alma-Ata, amene ankanena za madzi abwino, chakudya ndi chilungamo, n'kuwasandutsa zinthu zinayi zokha. Mkangano umenewu sudathe mpaka lero, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi pogwira. Koma Grant ankadziwa chinthu chimodzi: nzeru zinayizo zikadakhalabe m'mabuku ngati pakadapanda wozinyamula kufika nazo pakhomo la mayi aliyense. Ndipo m'mayiko ambiri osauka, bungwe limene lidali kale m'mudzi uliwonse, ngakhale kumene boma silidafike, lidali Eklezia.

Lamya ya mlongo

M'chaka cha 1982, pa msonkhano wina ku Geneva, Grant adakumana ndi Kadinala Paulo Evaristo Arns, Arkiepiskopi wa São Paulo, namufunsa ngati Eklezia wa ku Brazil sangathe kuphunzitsa amayi kapangidwe ka madzi opulumutsa ana. Kadinalayo atabwerera kwawo adaimbira lamya mlongo wake, Zilda Arns Neumann. Mayi ameneyu adabadwa pa 25 August 1934 ku Forquilhinha, m'chigawo cha Santa Catarina, m'banja lalikulu la alimi ochokera ku Germany. Adatsiriza maphunziro a udotolo ku Curitiba m'chaka cha 1959, ndipo adagwira ntchito zaka zambiri monga dotolo wa ana ndi wa zaumoyo wa anthu onse. Pamene lamyayo inkafika iye adali wamasiye, mwamuna wake atamwalira m'chaka cha 1978, ndipo adali ndi ana oti alere. M'chipatala cha ana adali ataona chinthu chimodzimodzi chikubwerezeka: mwana wochiritsidwa mwezi uno ankabweranso mwezi wamawa ndi nthenda yomweyo, chifukwa kunyumba sikudasinthe kanthu.

Iye mwini ankakonda kufotokoza kuti njira ya ntchitoyi adaitenga m'nkhani ya kuchulukitsa mikate imene timaimva m'Mthenga Wabwino. M'nkhani imeneyi anthu adali ambiri, chakudya chochepa, ndipo ophunzira adaganiza zowabalalitsa kapena zowerengera ndalama zimene adalibe. Ambuye adayamba ndi chimene chidalipo kale pakati pa anthuwo, adawakhazika pansi m'magulu, ndipo potsiriza zotsala zidasonkhanitsidwa ndi kuwerengedwa. Zilda adaona kuti chimene chiyenera kuchulukitsidwa pakati pa osauka ndi nzeru ndi chifundo, popeza zimenezi sizichepa munthu akagawira mnzake. Ntchito yake idali yoika mabanja m'timagulu ting'onoting'ono, kupeza mayi mmodzi wokhulupirika mwa iwo omwewo, kumuphunzitsa, ndi kuwerenga mwezi ndi mwezi zimene zachitika.

Florestópolis, 1983

Ngakhale imfa za ana zidali zambiri koposa kumpoto chakuvuma, ntchitoyi idayambira kumwera, m'chigawo cha Paraná kumene Zilda ankakhala, mothandizana ndi Ambuye Geraldo Majella Agnelo, amene panthawiyo adali Arkiepiskopi wa Londrina. Adasankha Florestópolis, tauni yaing'ono ya m'Arkidayosizi imeneyo, chifukwa mawerengero ake adali ochititsa mantha: mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 127 ankamwalira asanakwanitse chaka. Anthu ambiri a kumeneko adali aganyu a m'minda ya eni chuma, makamaka ya nzimbe, amene ankanyamuka m'bandakucha ndi chakudya chawo n'kukachidya chitazizira kumunda, kotero kuti dzina limene anthu adawapatsa m'Chipwitikizi lingafanane ndi lathu lakuti odya mkute. Amayi nawonso ankapita ku ganyu, kusiya makanda m'manja mwa ana anzawo.

M'chaka cha 1983 Zilda adayamba kusonkhanitsa anthu m'parishi ya kumeneko ndi kuphunzitsa odzipereka oyamba. Patatha chaka chimodzi chiwerengero chija chidatsika kuchoka pa 127 kufika pa 28. Tiyenera kunena mosabisa kuti m'tauni yaing'ono mawerengero a chaka chimodzi amatha kudumpha kwambiri, ndipo munthu wanzeru sangamange chiphunzitso chonse pa chaka chimodzi. Komabe amayi a ku Florestópolis sankafuna katswiri wowauza kuti maliro a ana achepa, pakuti iwo ndiwo ankakhala pa maliropo. Bungwe la Maepiskopi a ku Brazil lidalandira ntchitoyi kukhala yake, ndipo m'zaka zochepa idafalikira m'madayosizi a dziko lonselo, kufikira kumpoto chakuvuma kwa timingelo tija ndi ku midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Amazon.

Ntchito ya mtsogoleri wa pamudzi

Kodi amayi amenewa ankachita chiyani kwenikweni? Wodzipereka aliyense, amene ankatchedwa mtsogoleri, ankapatsidwa mabanja ochepa oyandikana naye, monga 10 kapena 15, ndipo ntchito yake idali ndi mbali zitatu zobwerezeka mwezi uliwonse. Yoyamba idali kuyendera banja lililonse pakhomo pake. Ankakhala pansi ndi mayi woyembekezera ndi kumulimbikitsa kupita kukapimidwa. Ankaona ngati khanda likuyamwa bwino. Ankatsegula khadi la katemera kuona chimene chatsala. Ndipo ankasiya m'nyumbamo kasupuni ka pulasitiki ka mitu iwiri, wina waung'ono wa mchere, wina wokulirapo wa shuga. Muyeso wake udali wosavuta kukumbukira: m'kapu imodzi ya madzi oyera, mutu waung'ono kamodzi, mutu waukulu kawiri. Kasupuni kameneka kadathetsa vuto lenileni, pakuti mchere ukachuluka madziwo amasanduka oopsa kwa mwana, ndipo masupuni a m'nyumba za anthu salingana.

Mbali yachiwiri idali tsiku la sikelo, limene iwo adalitcha chikondwerero cha moyo. Mabanja onse ankasonkhana pa tchalitchi, pa sukulu kapena pansi pa mtengo, sikelo n'kupachikidwa pa nthambi, ndipo mwana aliyense ankayezedwa anthu onse akuona. Ankapemphera, ankaimba, ana ankasewera, ndipo potsiriza ankadyera pamodzi. Nzeru ya khadi la sikelo idachokera ku Africa kuno: dotolo David Morley, pogwira ntchito m'chipatala cha mishoni ku Ilesha ndi m'mudzi wa Imesi-Ile ku Nigeria kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, adaonetsa kuti mzere wa kulemera kwa mwana ukaleka kukwera, ngozi imakhala itayamba ngakhale maso asanaione. Chimene a ku Brazil adawonjeza ndi kuchotsa sikelo m'chipinda cha namwino ndi kuipachika pabwalo, kuti mwana wonyentchera akhale nkhawa ya mudzi wonse. Akuluakulu athu adanena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mbali yachitatu, imene anthu ambiri saikumbukira posimba mbiriyi, idali kuwerenga. Mwezi uliwonse atsogoleri a dera limodzi ankakhala pansi ndi kudzaza pepala: ana angati ayenderedwa, angati atsika sikelo, angati atsegula m'mimba, amayi angati ali oyembekezera, ndipo ngati mwana wamwalira, wamwalira ndi chiyani, nanga chikadachitika n'chiyani kuti asafe. Mapepalawo ankatumizidwa ku likulu la ntchitoyi ku Curitiba, ndipo zotsatira zake zinkabwezedwa ku madera kuti aliyense aone pamene akuchita bwino ndi pamene akufooka. Apa ndi pamene mawu ofewa aja adatayira mphamvu. Mwana womwalira sadathenso kungotchedwa kamngelo n'kuiwalika, chifukwa dzina lake lidali pa pepala la mayi wina amene ankamudziwa, ndipo mayiyo adayenera kufotokozera anzake chimene chidachitika.

Odzipereka amenewa sankalandira malipiro. Oposa 9 mwa 10 alionse adali amayi, ambiri a iwo osauka monga mabanja amene ankawayendera, ndipo ena adaphunzira kuwerenga chifukwa cha ntchito yomweyi. Sankafunsa banja kuti limapemphera kuti, ndipo pakati pa atsogoleriwo padalinso anthu a mipingo ndi zipembedzo zina. Pofika 2010 adali oposa 200,000, ndipo ankayendera ana osakwana zaka 6 oposa 1.5 miliyoni m'midzi ndi m'makomboni osauka a Brazil. Njirayi idatengedwanso ndi mayiko ena pafupifupi 20, ndipo ena mwa iwo ndi Angola, Guinea-Bissau, East Timor ndi anansi athu a ku Mozambique.

Pamene adaphonya, ndi pamene boma lidalowa

Mbiri yoona siyenera kukhala chikomekome cha mkuyu. Kwa zaka zambiri atsogoleriwa ankaphunzitsa amayi kukonza ufa wosakaniza gaga, njere zina, masamba a chinangwa ouma ndi zikungwa za mazira zosinja, pokhulupirira kuti ufawo umachiza kunyentchera ndi kuchepa kwa magazi. Ufawo udatchuka kwambiri, kotero kuti anthu ena ankauona monga chizindikiro cha ntchito yonse. Koma akatswiri atafufuza mosamala sadapeze umboni wakuti ufawo umachita zimene ankaunenera, ndipo akuluakulu a Pastoral da Criança adaleka kuulimbikitsa, nayamba kuphunzitsa za chakudya chamitundumitundu chopezeka m'dimba ndi m'munda wa banja. Sichidali chapafupi kuuza amayi amene adasinja ufawo ndi mtima wonse kuti ausiye. Koma ntchito imene imadziwerengera yokha mwezi ndi mwezi iyenera kulola kuti enanso aiwerengere, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.

Sitinganenenso kuti Eklezia yekha ndiye adatsitsa imfa za ana ku Brazil. M'chaka cha 1987, pa nthawi ya chilala, boma la chigawo cha Ceará kumpoto chakuvuma lidalemba ntchito anthu pafupifupi 6,000, ambiri a iwo amayi a m'midzi, kuti aziyendera mabanja pa nkhani za umoyo. Malamulo atsopano a dzikolo a 1988 adanena kuti thanzi ndi ufulu wa nzika iliyonse ndi udindo wa boma. M'chaka cha 1991 boma lidafalitsa alangizi a zaumoyo olipidwa m'zigawo zina, ndipo kuyambira 1994 lidayamba kuika timagulu ta dotolo, namwino ndi alangizi kuti tiziyang'anira mabanja a dera limodzi. Madzi a m'mipope adafika m'nyumba zambiri, atsikana ambiri adapita ku sukulu, ndipo mabanja adayamba kukhala ndi ana ochepa. Zonsezi pamodzi zidatsitsa imfa za makanda m'dziko lonselo kuchoka pa 47 mwa 1,000 m'chaka cha 1990 kufika pochepera 20 m'chaka cha 2010. Unduna wa zaumoyo udakhala mmodzi mwa othandiza aakulu a Pastoral da Criança pa ndalama, ndipo Zilda mwini adakhala zaka zambiri m'bungwe lolangiza boma pa zaumoyo. Mayi wodzipereka sadalowe m'malo mwa namwino. Ntchito yake idali kufikitsa mwana kwa namwino nthawi isanathe, ndi kufunsa mokweza ngati namwinoyo kapena mankhwala palibe.

Pa 12 January 2010 Zilda Arns adali ku Port-au-Prince, likulu la Haiti, kumene adapita kukafotokozera ansembe ndi masisiteri za njira yomweyi. Atangotsiriza kulankhula, chivomezi chachikulu chidagwedeza mzindawo, nyumba imene adalimo idagwa, ndipo iye adafera pomwepo ali ndi zaka 75. James Grant adali atamwalira kale mu January 1995, ndipo Kadinala Arns adatsatira m'chaka cha 2016. Ntchito ija sidafe nawo, chifukwa kuyambira pachiyambi idali m'manja mwa anthu amene maina awo sadalembedwe m'mabuku.

Nanga ife?

Nkhani imeneyi si yachilendo kwenikweni kwa ife a ku Malawi, pakuti dziko lathu lidayenda njira yofanana nayo, ngakhale kuno woyambitsa adali boma. Anthu amene adalembedwa kuti azitemera nthomba, ndi ena amene adalembedwa kolera itabuka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndiwo adakhala chiyambi cha alangizi a zaumoyo amene timawadziwa ndi njinga zawo ndi mabuku awo a m'mudzi. Kuyambira 2008 ambiri a iwo adaphunzitsidwa kutsegula tizipatala ta m'mudzi m'madera ovuta kufikako, kumene ankayeza ndi kuchiza malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba mwa ana aang'ono. Pamodzi ndi katemera, masikito onyikidwa m'mankhwala, mapaketi a Thanzi ndi chithandizo choteteza khanda ku kachilombo ka Edzi, ntchito imeneyi idabala zipatso zooneka. Kafukufuku wa boma wa 1992 adapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Wa 2015 ndi 2016 adapeza 63. Pa dziko lonse lapansi imfa zotere zidatsika kuchoka pa zoposa 12 miliyoni m'chaka cha 1990 kufika pa zosakwana 5 miliyoni m'chaka cha 2022.

Koma mwa ana omwalira m'chaka cha 2022, pafupifupi theka adali makanda osakwana mwezi umodzi. Khanda lobadwa masiku asanakwane, kapena lolephera kupuma pobadwa, silingapulumuke ndi supuni ya mchere ndi shuga. Limafuna mzamba wophunzira, chipatala chokhala ndi magetsi, ndi galimoto yofika msanga. Chimene mnansi angachite n'kuonetsetsa kuti mayi wapita kukadikirira ku chipatala nthawi yabwino, kuti pali wotsala ndi ana ake ndi wolondera munda wake, ndi kuti m'masiku oyamba atabwerako wina wapita kukaona ngati khanda likuyamwa, ngati silikutentha thupi kapena kuzizira, ndi ngati mchombo uli bwino. Mmera mpoyamba, ndipo masiku oyamba amenewa ndiwo amathera m'nyumba, kutali ndi maso a dotolo.

Timagulu ting'onoting'ono timene Zilda Arns adayenera kutimanga, ife tili nato kale. Maepiskopi a bungwe la AMECEA, m'misonkhano yawo ya 1973 ndi 1976, adasankha miphakati kuti ikhale maziko a moyo wa Eklezia m'chigawo chathu chino, ndipo kuyambira pamenepo takhala tikusonkhana m'makomo mwa anzathu sabata ndi sabata. M'miphakati yathu timadziwa bwino amene adapereka masika ndi amene sadapereke, timadziwa ana amene akudikira ubatizo, ndipo pakagwa maliro sitichedwa kusonkha ufa ndi nkhuni. Zonsezi n'zabwino. Koma tikadafunsidwa lero, kodi tikadatha kutchula maina a ana onse osakwana zaka zisanu a mumphakati mwathu, ndi kunena amene adaphonya katemera, amene sikelo yake yaima, ndi mayi amene masiku ake ayandikira? Mlangizi wa zaumoyo mmodzi amayang'anira anthu ochuluka kwambiri, nthawi zina midzi ingapo, ndipo sangalowe m'nyumba iliyonse mwezi ndi mwezi. Mutu umodzi susenza denga.

Amayi a ku Florestópolis sadayambe ndi galimoto kapena nyumba ya njerwa. Adayamba ndi mndandanda wa mabanja, sikelo imodzi, supuni ya mitu iwiri, ndi pangano lakuti mwezi usathe asanaone mwana aliyense ndi maso awo. Mphakati wathu ukadzakumananso, mapemphero atatha ndipo mlembi atawerenga za thumba, tingathe kumupempha kuti atsegule tsamba latsopano m'buku lomwelo, alembepo maina a ana aang'ono onse a m'makomo mwathu, akhristu ndi osakhala akhristu, ndipo pambali pa dzina lililonse alembe dzina la mmodzi wa ife amene adzapite kukamuona. Tikatero tipite nalo tsambalo kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, timufunse zimene tiyenera kuyang'ana tikalowa m'nyumbamo.